Chilimwe chikalephera ntchito yake, ayezi amakuta dziko

Ife a ku Mzuzu timakonda kudzitama ndi kuzizira kwathu. Mu Juni ndi Julayi, munthu wochokera ku Karonga kapena ku Nkhata Bay akatsika basi pa depoti m'bandakucha atavala kamalaya kamodzi, mano ali gwegwegwe, timangomuyang'ana n'kumati, "Achimwene, apa simunaone kanthu, kafikeni ku Chikangawa." N'zoonadi, ku Viphya ndi ku Nyika masiku ena kumacha udzu uli mbuu ndi chisanu. Koma dzuwa likangokwera pang'ono, zonsezo zatha, udzu wangonyowa basi.

Anthu ambiri akamva kuti kale mbali yaikulu ya dziko lapansi inakutidwapo ndi ayezi, amaganiza kuti chaka china kunagwa chisanu choopsa, zinthu zonse n'kuuma gwaa. Nkhani siyenda choncho. Chofunika kufunsa n'chakuti, kodi zimene zinagwa m'nyengo yozizira zinasungunuka zonse chilimwe chisanathe? Ngati zinasungunuka, ngakhale kukanazizira chotani, palibe chochitika. Koma ngati panatsala kenakake, chaka chotsatira n'kutsalanso, chinacho n'kutsalanso, ndiye kuti mtsinje wa ayezi, umene mabuku a jogalafe amautcha glacier, wayamba kubadwa.

Tiyambe ndi chinthu chimene ambirife tinangochiona pa kanema. Sinowo si matalala. Matalala ndi timiyala ta madzi oundana timene timagwa ndi mvula yamabingu n'kuboola masamba a fodya ndi chimanga. Sinowo amapangika mwina: nthunzi ya madzi imaundana m'mitambo isanasanduke n'komwe dontho, ndipo pamatuluka tinthu topepuka ta nthambi zisanu ndi imodzi timene timatsika pang'onopang'ono. Tikaunjikana pansi, nthambizo zimakolana n'kusiya mipata, moti pa mulu wa sinowo wongogwa kumene, magawo pafupifupi 9 mwa 10 ndi mpweya chabe. Mutadzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe, sinowo woteroyo angalemere makilogalamu 100 kapena kucheperapo. Madzi odzaza bokosi lomwelo amalemera makilogalamu 1,000.

Tsopano tinene kuti sinowoyo wagwera m'kachigwa ka pamwamba pa phiri lalitali, pamalo amthunzi, ndipo chilimwe chadutsa osamumaliza. Masana pamwamba pake pamasungunuka pang'ono, madzi n'kulowerera pansi, usiku n'kuundananso. Nthambi zija zimathyoka, tinthu tija n'kusanduka timibulu tolimba. Sinowo wogonera chaka ameneyu akatswiri amamutcha firn. Chaka chotsatira wina amagwera pamwamba pake, kenako winanso, wapansiyo n'kumapsinjika. Timibulu timathinana mpaka kumatirirana. Bokosi lija likafika polemera makilogalamu pafupifupi 830, tinjira tonse todutsa mpweya tatsekeka, mpweya wotsalawo watsekeredwa m'timathovu ting'onoting'ono, ndipo chimene chilipo tsopano ndi ayezi olimba ngati thanthwe. Timathovu timeneti musatiiwale, tidzatifuna kutsogoloku.

Kumalo kumene sinowo amagwa wambiri komanso wonyowa, monga kumapiri a m'mphepete mwa nyanja ku Alaska, kusandulikaku kumatheka m'zaka zochepa. Pakatikati pa Antarctica, chimtunda cha kum'mwera kwenikweni kwa dziko, pomwe pamazizira kwambiri koma pamagwa sinowo wochepa zedi, pamatenga zaka masauzande. Apa mwaona kale kuti kuzizira pakokha sikukwanira. Pamafunikanso chinyezi. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya Siberia, kumene kumazizira mosasimbika, sinakutidwe ndi ayezi ngakhale pamene pafupifupi Canada yense anali pansi pa ayezi. Kunali kouma kwambiri.

Kodi chinthu cholimba chingayende bwanji?

Ayezi amene timawadziwa ife ndi chibuloko chimene ogulitsa nsomba amaphwanyira m'mabeseni pa msika. Mukachimenya ndi chitsulo chimangoti phwa, zidutswa mbali zonse. Ndiye zimavuta kukhulupirira kuti chinthu chomwecho chingatsike phiri mokhotakhota, kutsata chigwa. Chinsinsi chake ndi kulemera komanso nthawi. Ayezi akawamenya mwadzidzidzi amasweka, koma akawapsinja mosalekeza kwa zaka zambiri amapindika. Mulu ukakhuthala kufika mamita 30 mpaka 50, apansiwo amayamba kugonja: tizigawo ta m'kati mwa timibulu timatsetsereka, kena pamwamba pa kanzake, ndipo mulu wonse umayamba kusendera kumunsi. Kumitsinje ina, pansi penipeni pamakhalanso timadzi tosungunuka timene timapangitsa thanthwe kuterera, ndiye mulu wonse umaseserekanso pamwamba pa thanthwelo.

Ayezi apamwamba, amene alibe chowapsinja, sapindika. Amangonyamulidwa ndi apansi, ndipo mtsinjewo ukadutsa pachitunda kapena pokhota, iwo amang'ambika. Ming'alu yake imatha kuzama mamita makumi angapo, ndipo choopsa n'chakuti sinowo watsopano amaiphimba pamwamba osaoneka. Anthu ambiri okwera mapiri afera m'menemo. Za liwiro, mitsinje yambiri imayenda masentimita ochepa mpaka mita imodzi pa tsiku. Wina wa ku Greenland, wotchedwa Jakobshavn, unayezedwapo ukuyenda mamita oposa 40 pa tsiku.

Mtsinje wa ayezi uliwonse uli ndi mbali ziwiri. Kumtunda umalandira sinowo wochuluka kuposa amene akusungunuka, ndipo kumunsi, kumene kuli kofundirako, umataya ochuluka kuposa amene ukulandira. Zolowa zikaposa zotuluka, mlomo wake, kutanthauza kumunsi kumene umalekezera, umapita patsogolo. Zotuluka zikaposa zolowa, mlomo umabwerera m'mbuyo. Mukamva pa wailesi kuti mtsinje wa ayezi wakutiwakuti ukubwerera, musaganize kuti ayezi akukwera phiri chafutambuyo. Iwo akutsikabe monga mwa masiku onse, kungoti akutha asanafike pamene ankafika kale.

Kuno kufupi ndi equator, malo okhawo amene sinowo angagonere chaka ndi pamwamba zedi, chifukwa mukakwera kilomita imodzi kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mu Africa monse mwatsala malo atatu okha okhala ndi mitsinje ya ayezi: Kilimanjaro wa mamita 5,895, phiri la Kenya la mamita 5,199, ndi mapiri a Rwenzori pamalire a Uganda ndi Congo. Sapitwa wathu wa pa Mulanje ndi mamita 3,002. Ngakhale timamulemekeza, akuperewera ndi mtunda wautali.

Pamene mtsinje wa ayezi wadutsa sipabisika. Miyala imene yamatirira kunsi kwake imakala thanthwe n'kusiya mizere yoloza kumodzi. Chigwa chimene chinali chosongoka pansi chimakumbidwa n'kukhala chotakasuka, cha makoma oimirira. Kumene mlomo unalekezera kumatsala chimtumbira cha dothi, mchenga ndi miyala zosakanikirana. Ndipo pena mumapeza chimwala chachikulu ngati nyumba chitangokhala pakati pa munda, cha mtundu wosiyana ndi miyala yonse ya m'deralo, kwawo kuli pa mtunda wa makilomita mazana.

Ku Ulaya zimiyala zoterezi zinasautsa anthu ophunzira kwa nthawi yaitali, ndipo ambiri ankati zinakokoloka ndi chigumula. Amene anaona bwino anali anthu a m'mapiri. Cha m'ma 1815, mlenje wina wa ku Switzerland, Jean-Pierre Perraudin, anauza katswiri wa miyala Jean de Charpentier kuti mizere ya pa matanthwe a kumunsi kwa chigwa chake inali yofanana ndi imene ankaiona m'mphepete mwa ayezi kumtunda, choncho ayeziwo ayenera kuti kale ankadzaza chigwa chonse. Katswiriyo poyamba sanamukhulupirire. Panapita zaka asanavomere, ndipo amene anadzatchuka ndi ganizoli ndi Louis Agassiz, yemwe mu 1837 anaima pamaso pa akatswiri anzake ku Neuchâtel n'kunena kuti panali nyengo imene ayezi anakuta mbali yaikulu ya kumpoto kwa dziko. Ulemu unapita kwa wophunzira, koma maso anali a mlenje.

Lero chithunzi chake chikudziwika bwino. Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo, ayezi okhuthala mpaka makilomita atatu anakuta Canada ndi kumpoto kwa United States, kufika pomwe pali New York ndi Chicago. Ena anakuta Norway, Sweden, Finland ndi mbali yaikulu ya Britain. Masiku ano ayezi amakuta gawo limodzi mwa magawo 10 a mtunda wa dziko lapansi, koma nthawi imeneyo ankakuta kuposa gawo limodzi mwa anayi. Madzi onsewo anachokera m'nyanja zamchere, moti nyanjazo zinatsika ndi mamita pafupifupi 120. Munthu akanatha kuyenda wapansi kuchoka ku France kupita ku England, kapena kuchoka ku Siberia kupita ku Alaska. Chodabwitsa n'chakuti kutentha kwa dziko lonse, mukaphatikiza malo onse, kunali kotsika ndi madigiri 5 kapena 6 okha poyerekeza ndi zaka za makolo athu.

Mafunso awiri osiyana

Pofunsa choyambitsa, anthu amasakaniza zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti, n'chifukwa chiyani dziko limalowa m'nyengo yaitali, ya zaka mamiliyoni, yokhala ndi ayezi kumapeto kwa dziko, kumpoto ndi kum'mwera? Chachiwiri, likalowamo, n'chifukwa chiyani ayeziwo amabwera n'kubwerera mobwerezabwereza? Malinga ndi kawerengedwe ka akatswiri, ifeyo tikukhala m'kati mwa nyengo ya ayezi, popeza Antarctica ndi Greenland akadali okutidwa. Tangokhala m'kampata kofunda kamene kanayamba zaka 11,700 zapitazo. Ulimi wonse wa anthu, mizinda yonse, mafumu onse amene mbiri ikuwakumbukira, zonse zachitika m'kampata kameneka.

Pa mbiri yonse ya dziko, nthawi zambiri kunalibe ayezi ngakhale ku North Pole ndi ku South Pole. Nyengo zikuluzikulu za ayezi zodziwika zilipo zisanu. Yakale kwambiri inachitika zaka zoposa 2 biliyoni zapitazo. Yoopsa kwambiri inali pakati pa zaka 720 ndi 635 miliyoni zapitazo, pamene zikuoneka kuti ayezi anafika mpaka kufupi ndi equator. Koma imene imatikhudza ife ndi ya zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo. Nthawi imeneyo Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica anali chimtunda chimodzi chotchedwa Gondwana, ndipo kum'mwera kwa Africa kunali kufupi ndi South Pole. Ku Nooitgedacht, pafupi ndi Kimberley ku South Africa, kuli matanthwe amene mpaka lero ali ndi mizere yokalidwa ndi ayezi a nthawi imeneyo. Ayeziwo atasungunuka, m'zigwa munamera nkhalango za m'madambo, zimene zinakwiririka n'kusanduka malasha. Malasha okumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi ndi a m'gulu la miyala yomweyo, yotchedwa Karoo. Ndiye lole yodzaza malasha ikamakwera movutikira pa Chiweta kulowera ku Mzuzu kuno, yanyamula nkhalango imene inamera ayezi atangochoka kumene.

Yankho la funso loyamba lagona pa zinthu zoyenda mochedwa kwambiri. Makontinenti amasuntha masentimita ochepa pa chaka, ndipo mtunda ukafika kumapeto kwa dziko, sinowo amapeza pokhala. Antarctica atalekana ndi Australia ndi South America, madzi ozizira anayamba kumuzungulira popanda chowatchinga, n'kulepheretsa madzi ofunda kufikako. Pa nthawi yomweyo mpweya wa kaboni dayokisaidi, umene umasunga kutentha m'mlengalenga, unkachepa. Mpweyawu umatuluka m'mapiri ophulika, koma umachotsedwa mvula ikamadya miyala: umasungunuka m'madzi a mvula, n'kulumikizana ndi michere ya m'miyala, n'kukathera pansi pa nyanja ngati miyala ya laimu. Akatswiri ambiri amaona kuti kutumphuka kwa mapiri a Himalaya, India atagundana ndi Asia, kunapereka miyala yatsopano yambiri yoti idyedwe motero. Ayezi anakuta Antarctica zaka pafupifupi 34 miliyoni zapitazo, ndipo kumpoto anayamba kukula kwambiri zaka 2.6 miliyoni zapitazo.

Funso lachiwiri ndi lokoma kwambiri, ndipo yankho lake lili kumwamba. Dziko lapansi silizungulira dzuwa mofanana mpaka kalekale. Mwezi, dzuwa ndi mapulaneti ena, makamaka Jupiter ndi Saturn, amalikoka pang'onopang'ono, ndipo zinthu zitatu zimasintha.

Dziko poyenda siliima chilili, linapendekeka, ndipo pakali pano kupendekekako ndi madigiri 23.4. Kumeneku ndiko kumabweretsa nyengo: mu Disembala chigawo cha kum'mwera chimaweramira ku dzuwa, mu Juni cha kumpoto. Koma kupendekekaku kumasinthasintha pakati pa madigiri 22.1 ndi 24.5, n'kubwerera pomwe kunayambira pakatha zaka 41,000. Kukachepa, maiko a kumpoto kwenikweni amakhala ndi chilimwe chofooka.

Njira imene dziko limadutsa pozungulira dzuwa nayo si yozungulira ndendende. Ndi yotambasuka pang'ono, ndipo kutambasukako kumakula n'kuchepa pa zaka pafupifupi 100,000. Masiku ano timayandikira dzuwa kwambiri kumayambiriro kwa Januwale, pa mtunda wa makilomita 147 miliyoni, ndipo timatalikira kwambiri kumayambiriro kwa Julayi, pa makilomita 152 miliyoni. Wina anganene kuti, "Eya, n'chifukwa chake Julayi amatizunza chonchi." Pang'ono pokha. Kumbukirani kuti Julayi yemweyo ku Ulaya anthu amakhala akusamba thukuta. Kupendekeka kuja n'kumene kuli ndi mphamvu yaikulu pa nyengo za pa chaka.

Chachitatu chimavuta kuchifotokoza kwa munthu amene sanasewereko nguli. Nguli ikamazungulira mwamphamvu imaoneka ngati yaima, koma mukaiyang'anitsitsa, mutu wake umakhala ukujambula kamkombero kenakake pang'onopang'ono. Dziko nalo limatero, ndipo kamkombero kake kamatenga zaka pafupifupi 26,000. Mukaphatikiza ndi kutembenuka kwa njira ija, zotsatira zake n'zakuti pa zaka pafupifupi 21,000 zilizonse, nyengo imene dziko limakhala pafupi ndi dzuwa imazungulira chaka chonse. Panopa chilimwe cha kumpoto chimafika dziko lili kutali ndi dzuwa. Zaka 11,000 zapitazo chinkafika lili pafupi, ndipo chinali champhamvu moti mvula inkafika mpaka ku Sahara, kumene kunali udzu, nyanja, mvuu ndi ng'ona.

Woyamba kulumikiza bwino zimenezi ndi nyengo za ayezi anali James Croll wa ku Scotland, m'zaka za m'ma 1860. Munthuyu sanapite patali ndi sukulu, ankagwira ntchito yosamalira nyumba pa koleji ina ku Glasgow, n'kumawerenga mabuku a m'laibulale ya pomwepo. Iye ankaganiza kuti chofunika ndi nyengo yozizira yoopsa. Amene anatembenuza nkhani ndi Milutin Milanković wa ku Serbia, katswiri wa zomangamanga ndi masamu, yemwe anatha zaka zoposa 20 akuwerengera pamanja, popanda kompyuta, kuchuluka kwa dzuwa lofika pa chigawo chilichonse cha dziko kwa zaka mazana a masauzande. Zina mwa ntchitoyi anazichita ali m'manja mwa adani ku Budapest pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Potsatira malangizo a katswiri wa zanyengo Wladimir Köppen, iye anaika maso pa chilimwe, makamaka cha pa madigiri 65 kumpoto kwa equator. Chifukwa chake n'chomveka. Kumeneko nyengo yozizira iliyonse, yoopsa kapena yofatsa, imagwetsa sinowo. Chimene chimagamula mlandu ndi chilimwe. Ndipo ndi kumpoto chifukwa kumeneko n'komwe kuli mtunda waukulu, Canada, Scandinavia ndi Russia, pamene kum'mwera pa mlingo womwewo kuli pafupifupi nyanja yokhayokha.

Milanković anamwalira mu 1958 akatswiri ambiri akukayikirabe. Umboni unadzatuluka m'matope. Pansi pa nyanja zamchere pamaunjikana zigoba za tizilombo ting'onoting'ono, ndipo zigobazo zimasunga mtundu wa okosijeni amene anali m'madzi pa nthawi imene tinali moyo. Madzi okhala ndi okosijeni wopepuka amauluka msanga ngati nthunzi, ndiye ayezi akachuluka pamtunda, wopepukayo amatsekeredwa m'menemo, m'nyanja n'kutsala wolemera wochulukirapo. Mu 1976, James Hays, John Imbrie ndi Nicholas Shackleton anayeza matope okumbidwa kum'mwera kwa nyanja ya Indian, a zaka 450,000, ndipo anapeza kuti ayezi ankakula ndi kuchepa motsata zaka pafupifupi 100,000, 41,000 ndi 23,000. Manambala a Milanković aja anapezeka atalembedwa pansi pa nyanja.

Komabe pali vuto, ndipo amene amalekezera nkhaniyi pa Milanković amainamiza. Kusintha konseku sikuchepetsa kwenikweni dzuwa lofika pa dziko lonse pa chaka. Kumangolisuntha, kulichotsa m'nyengo ina kupita ina, m'chigawo china kupita china. Pakokha sikungazizire dziko lonse, kumpoto ndi kum'mwera nthawi imodzi. Kumangoyambitsa. Amene amakulitsa nkhani ndi dziko lenilenilo.

Chokulitsa choyamba ndi kuyera. Sinowo watsopano amabweza kumwamba magawo 80 kapena kuposerapo mwa magawo 100 a kuwala kwa dzuwa, pamene nyanja imabweza osafika 10, otsalawo n'kuwameza ngati kutentha. Ndiye sinowo akagonera chilimwe, malowo amazizira kuposa kale, chaka chamawa n'kutsala wochuluka, kuyera n'kufalikira. Mulu ukamakwera, pamwamba pake pamafika m'mpweya wozizira kwambiri, ndipo umadzipangira wokha nyengo yake.

Chachiwiri ndi mpweya uja, ndipo apa m'pamene timathovu tija tikugwira ntchito. Akatswiri anaboola ayezi a ku Antarctica kuzama makilomita oposa atatu, pa malo otchedwa Vostok ndi Dome C, n'kutulutsa ayezi a zaka mpaka 800,000. Akaphwanya kachidutswa m'chipangizo chotsekedwa bwino, mumatuluka mpweya weniweni wa nthawi imeneyo, osati woyerekeza. Zimene anapeza n'zakuti m'nyengo zozizira kaboni dayokisaidi ankatsika kufika magawo pafupifupi 180 pa miliyoni, m'nyengo zofunda n'kukwera mpaka cha m'ma 280. Dziko likazizira, nyanja zimameza mpweyawu wambiri n'kuusunga pansi penipeni. Mpweyawo ukachepa m'mlengalenga, dziko limazizira kwambiri, ndipo popeza mpweya sudziwa malire, kuzizirako kumafika paliponse. Ena amatsutsa kuti, popeza nthawi zina kutentha n'kumene kunkayamba kusintha mpweya n'kumatsatira, ndiye kuti mpweyawu ulibe mphamvu pa nyengo. Mfundo imeneyi ine sindiiona kulemera kwake. Chinthu chingathe kuyambitsidwa ndi china koma n'kukhala chimene chakulitsa zotsatira, ndipo popanda mpweyawu masamu a madigiri 5 kapena 6 aja sakwana.

Kakulidwe ndi kathedwe ka ayezi n'kosiyana. Amakula mozengereza kwa zaka 80,000 kapena 90,000, kenako n'kutha m'zaka pafupifupi 10,000. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi kulemera kwawo komwe. Mulu wa makilomita atatu umatimbiriza mtunda pansi ndi mamita mazana angapo, moti pamwamba pake pamatsikira m'mpweya wofundirako, ndipo chilimwe champhamvu chikabwera chimaupeza uli pangozi. Mtunda umene unapsinjidwawo ukudzukabe mpaka pano: madera ena a Sweden ndi Finland, komanso a ku Hudson Bay ku Canada, amakwera pafupifupi sentimita imodzi pa chaka. Pali mfundo imodzi imene akatswiri akulimbana nayobe. Kufika zaka pafupifupi miliyoni imodzi zapitazo, ayezi ankabwera pa zaka 41,000 zilizonse, kenako anasintha n'kuyamba kutsata zaka 100,000, chonsecho kumwambaku palibe chinasintha.

Mapiri ophulika amatchulidwanso kawirikawiri, koma mphamvu yawo yoziziritsa ndi ya kanthawi. Tambora wa ku Indonesia ataphulika mu 1815, chaka cha 1816 mbewu zinakanika ku Ulaya ndi ku America. Pinatubo wa ku Philippines mu 1991 anatsitsa kutentha kwa dziko ndi theka la digiri. Patatha zaka ziwiri kapena zitatu fumbi ndi utsi zinagwa, zinthu n'kubwerera mwakale.

Nanga kuno kwathu kunali chiyani?

Kuno ayezi a nyengo zaposachedwazi sanafike, ndipo nyanja yathu sinakumbidwe ndi ayezi ngati nyanja zikuluzikulu za pamalire a Canada ndi United States. Yathuyi ili m'chigwa chimene chinapangika mtunda utang'ambika. Koma nyengo za ayezi tinazilawa ndithu, ndipo kwa ife zinkabwera ngati chilala. Mpweya wozizira sunyamula chinyezi chambiri, ndipo nyanja zamchere zikazizira zimatumiza nthunzi yochepa. Pa nthawi ija ya zaka 21,000 zapitazo, dera lathu linali lozizirirapo ndi madigiri atatu kapena anayi, mvula inali yochepa, nyanja ya Malawi inatsika, ndipo patapita zaka masauzande ochepa nyanja ya Victoria, imene ndi yosazama, inaphweratu.

Mu 2005 akatswiri anaika makina oboolera pa chombo chotchedwa Viphya n'kuboola pansi pa nyanja ya Malawi, pamalo pamene madzi ndi ozama pafupifupi mamita 590. Anatulutsa matope okhuthala mamita 380, osunga mbiri ya zaka zoposa miliyoni imodzi. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa kuposa za nthawi imene ayezi anafika pachimake. Nyanja inatsika ndi mamita oposa 500, chonsecho pozama pake penipeni, kumpoto kwa Nkhata Bay, ndi mamita pafupifupi 700. Madzi anachepa ndi magawo oposa 90 pa 100. Kumene kuli Mangochi, Monkey Bay ndi Salima kunali kutali ndi madzi, ndipo Likoma linali phiri lofikako wapansi. Zilala zimenezi zikuoneka kuti zinkatsata kwambiri kuzungulira kwa zaka 21,000 kuja, kumene kumasuntha mphamvu ya dzuwa lokoka mvula kumadera otentha. Ndiye kusintha kwa kumwamba komwe kumalamulira ayezi ku Canada, kuno kumalamulira mvula. Nsomba zathu za mbuna, utaka ndi chambo ndi zidzukulu za zimene zinapulumuka m'madzi otsalawo.

Tikatsata masamu a Milanković, njira ya dziko pakali pano ili pafupi kukhala yozungulira ndendende, choncho kusintha kwa chilimwe cha kumpoto n'kofatsa, ndipo akatswiri amawerengera kuti ngakhale anthu tikanapanda kukhudza kanthu, ayezi sakanabweranso kwa zaka pafupifupi 50,000. Koma takhudza. Kaboni dayokisaidi, amene kwa zaka 800,000 sanapitirirepo magawo 300 pa miliyoni, tsopano wadutsa 420 chifukwa cha malasha, mafuta, gasi ndi kutha kwa nkhalango, ndipo wakwera choncho m'zaka zosakwana 200. Ayezi a ku Greenland atasungunuka onse nyanja zamchere zingakwere ndi mamita 7, a ku Antarctica ndi mamita pafupifupi 58. Zoterozo zingatenge zaka mazana ambiri kapena masauzande, koma timitsinje tating'ono ta pa mapiri sitichedwa. Kilimanjaro wataya kale magawo oposa 80 pa 100 a ayezi amene anali nawo mu 1912, ndipo kumeneko vuto si kutentha kokha: sinowo akugwa wochepa, mpweya wauma, moti ayezi ena amauluka ngati nthunzi osayamba asanduka madzi. Mu 2022 bungwe la UNESCO linanena kuti pofika 2050, ayezi a pa Kilimanjaro ndi pa phiri la Kenya akhoza kudzakhala atatheratu.